Chevrolet ya pansi pa mango: mmene mungaigulitsire muli kutali

Uthenga wake umakonda kufika Lamlungu madzulo. "Achimwene, kwabwera munthu akufunsa za galimoto ya ababa ija. Timuuze zingati?" Pansi pake pali chithunzi chimodzi chokha: chigalimoto chachitali ngati bwato, chakwera pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala anaphwa kalekale, masamba a mango aunjikana pa boneti. Inu muli ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku South Bend, mawa m'mamawa kuli ntchito, ndipo mumtima mukulimbana maganizo awiri. Ena akuti n'chitsulo chabe, atenge. Ena akuti munaonapo pa intaneti yonga yomweyo ikugulitsidwa madola ankhaninkhani, ndiye bwanji osaikonza kaye.

Ine ndinamvera achiwiriwo, ndipo ndinalira nawo. Yathu inali Chevrolet Impala ya 1965, ya zitseko zinayi, imene ababa anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Anabwera nayo kuchokera ku Zomba pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe mu 1975. Inatinyamula kupita ku tchalitchi, inanyamula akwati a pachibale pafupifupi onse, mpaka inadzatopa n'kuima kuseri kwa nyumba ku Area 12, pomwe inakhala zaka zoposa makumi awiri. Zimene ndinaphunzira poigulitsa ndili ku Joni ndi izi: ngati muli kunja, musaikonze. Konzani za pabanja, konzani mapepala, isambitseni, ijambuleni bwino, muigulitse mmene ilili.

Yambani ndi kudziwa chimene muli nacho, ndipo chizindikiro choyamba ndi mbali imene kuli chiwongolero. Magalimoto ambiri a dzina la ku Amereka amene anayenda m'misewu ya Nyasaland ndi Malawi sanachokere ku Detroit mwachindunji. Ford ndi General Motors anali ndi mafakitale olumikiza magalimoto ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha, kuyambira m'ma 1920, ndipo zipangizo zambiri zinkachokera ku Canada chifukwa katundu wa m'mayiko a Commonwealth ankalipira msonkho wotsika. Chrysler Valiant inafika pokhala galimoto yogulidwa kwambiri ku South Africa kuyambira 1966 mpaka 1968. Magalimoto amenewa ali ndi chiwongolero kumanja, monga athu onse, ndipo anakwera kumpoto kudzera ku Rhodesia m'nthawi ya Chitaganya ndi pambuyo pake, m'manja mwa amalonda, mabwana a m'maesiteti a fodya ndi tiyi, komanso matchona obwerera kumudzi. Ikakhala ndi chiwongolero kumanzere, nthawi zambiri inabwera ndi wa ku ofesi ya kazembe, mmishonale kapena Mmalawi amene anakaphunzira ku Amereka.

Kusiyanaku kuli ndi ndalama mkati. Mu 1965 mokha, Chevrolet inagulitsa ma Impala oposa miliyoni imodzi ku Amereka. Munthu wa ku Texas sangalipire sitima kuti imubweretsere ya zitseko zinayi kuchokera ku Lilongwe pamene zili mbwee m'makola a kwawo. Ya chiwongolero cha kumanja ndi ina: zinapangidwa zochepa, ndipo ku South Africa, ku Mangalande ndi ku Australia kuli anthu amene amazisaka. Dziwaninso, ngakhale zikuwawa, kuti okonda magalimoto akale amaika mtima pa a zitseko ziwiri ndi otsegula denga. Zithunzi zija munaziona pa intaneti zili ndi mitengo yododometsa, kaziwerengeninso zitseko.

Musanayankhe za mtengo, pali funso lina lofunika kuposa injini: galimotoyo ndi ya yani? Kwathu tonse tinkangoti "ya ababa", koma ababa anali atatisiya zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo dzina lawo ndi limene linali pa blue book. Womwalira sasaina. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, ngakhale wolandayo akhale mwana woyamba amene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Ngati malemu anasiya wilo, imeneyo ndiyo ikunena mwini wake. Ngati sanasiye, pafunika munthu amene wapatsidwa makalata oyendetsera chuma chamasiye. Loya, ofesi ya Administrator General kapena ya DC adzakulozerani khomo loyenera malinga ndi kukula kwa chumacho. Sankhani munthu amene akukhala ku Malawi. Ife tinasankha mlongo wanga, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene tinachita bwino pa chiyambi.

Lamulo ndi lina, mtendere wa pabanja ndi wina. Auzeni atsibweni ndi azakhali galimoto isanalengezedwe, asadzaione pa Facebook. Ifunseninso mbumba yonse ngati pali amene akuifuna, ndipo ngati alipo, agule pa mtengo umene nonse mwagwirizana, zilembedwe. Pali mng'ono wina m'banja lililonse amene amati "ndidzaikonza ine", ndipo wakhala akunena zimenezi kuyambira nthawi ya Bakili Muluzi. Mupatseni miyezi itatu. Amayi afunseni panokha, pa foni, osati pa gulu la WhatsApp. Anga atamva anangoti, "Mwanawe, chitani zimene mwaona, koma isapite usiku ngati yakuba." Ndinamva kuti akuvomera, ndinamvanso kuti akufuna kudzaiona ikutuluka pa geti.

Ngati galimoto ili m'dzina lanu inu amene muli kunja, lembani kalata yopatsa munthu mphamvu yokuimirani, imene maloya amati power of attorney. Sainani pamaso pa notary public kumene muliko, ndipo iikidwe chidindo cha apostille. Malawi ali m'pangano la ku Hague la zidindo zimenezi kuyambira 1967, ndipo South Africa, Britain ndi Amereka alimonso. Kalatayo ikhale yopapatiza: itchule galimoto imodzi yokhayo, nambala yake ya chasisi, mtengo wotsikitsitsa umene mungalole, akaunti yolandirira ndalama, ndi tsiku limene mphamvuyo idzathe. Kalata yotakata yongoti "aziyendetsa zinthu zanga zonse" yagulitsitsa mapuloti a anthu ambiri.

Tsopano blue book. Ifufuzeni m'masutikesi, m'Baibulo la malemu, m'kabati ya m'chipinda. Ikapezeka, wina apite ndi tochi ndi nsanza akayerekeze manambala a m'bukumo ndi a pa galimoto. Manambala a zilembo 17 amene tinazolowera lero anayamba mu 1981. A magalimoto akale ndi afupi, ndipo amakhala pa kachitsulo kokhomedwa pa mzati wa chitseko chakutsogolo kapena pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Tizitsulo timeneti musatichotse, musatipale ndi sandipepa, musatipake penti. Nambala ya injini nayo ifananitsidwe. Magalimoto ena otere anachotsedwa injini yawo ya V8 petulo atakwera mtengo, n'kuikidwa injini ya dizilo ya Toyota kapena Nissan, koma ku Road Traffic osakanena. Ngati n'zimene zinachitika, zikonzeni m'mapepala musanapeze wogula. Ndipo ngati injini yoyambirira ikadali pakona ya galaja itafunditsidwa chiguduli, musaitaye: kwa wogula wodziwa, chitsulo chimenecho n'chimene chingakweze mtengo.

Galimoto imene inaima kale Road Traffic isanayambe kugwiritsa ntchito makompyuta a MalTIS ikhoza kusapezeka m'dongosolomo, ndipo iyenera kulowetsedwa kaye kuti umwini usinthidwe. Wokuimiraniyo apite yekha ku ofesi ndi blue book, chiphaso cha unzika, kalata ya imfa ndi makalata a chuma chamasiye, akafunse pa kauntala zimene zikufunika ndi ndalama zake, alandire lisiti pa chilichonse. Panja adzakumana ndi madobadoba olonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe. Pepala lotuluka pa khomo la kuseri limagwira ntchito mpaka tsiku limene galimoto ifike pa chipata cha dziko, kenako limasanduka mlandu wa mlongo wanu. Galimoto imene inalowa m'dziko osalipira msonkho, monga zija za akazembe ndi za mamishoni, funsani ku MRA ngati msonkhowo unadzalipiridwa itagulitsidwa koyamba. M'ma Area 10, 43 ndi 3 muli magalimoto angapo amene anagulidwa pa chakudya chotsanzikana ndi mzungu, kugwirana chanza n'kupatsana makiyi basi.

Kulakwa kwanga ndikuuzeni kuti inu kukupitirireni. Ndinaganiza kuti galimoto yoyenda ndi yonyezimira idzagulidwa kuwirikiza katatu, choncho ndinalamula kuti aikokere ku galaja ina m'tauni. Amisiri ake anali aulemu kwabasi. "Bwana, imeneyi ndi nsima ya ana, pakutha pa mwezi mudzaiyendetsa nokha." Ndinatumiza ndalama ya mabuleki. Ndinatumiza ya penti. Kenako kunabwera uthenga wakuti masipanala awo sakugwira, chifukwa mabawuti a galimoto ya ku Amereka amayezedwa m'mainchesi pamene zida za m'magalaja athu n'za mamilimita, zozolowera Toyota. Mitu ya mabawuti anali ataikulunga kale. Patapita miyezi isanu ndi inayi mlongo wanga anakaipeza ili panja pa mvula, kabyuleta kulibe, ladiyeta ya mkuwa kulibe, zizindikiro za Impala za m'mbali zinazulidwa, zivindikiro za malimu zitatu zinapita. Penti anali atathira mbali imodzi, pamwamba pa dzimbiri, fila atamata ngati akuzira nyumba. Aliyense anali kuloza mnzake amene "anasiya ntchito sabata yatha".

Sindikunena kuti ku Lilongwe kulibe amisiri. Alipo, ena okalamba amene anaphunzira ntchito pa injini zomwezi, ndipo amaimva ndi khutu lokha. Vuto ndi lakuti kukonza galimoto yakale kumafuna mwini wake aziima pomwepo Loweruka lililonse, aziwerenga zimene zamasulidwa, azidikira masipeya ochokera kunja milungu ingapo, azilipira msonkho wake pa kasitomu. Zimenezi sizitheka pa foni. Ndiponso wogula weniweni safuna penti yatsopano. Amadziwa za chikomekome cha mkuyu. Amabwera ndi kamaginito m'thumba, n'kumakayendetsa m'mbali mwa zitseko, pamene sikakugwira wadziwa kuti pali fila. Penti yakale yofwifwa ndi dzuwa imamuonetsa chitsulo chenicheni, ndipo amailipira bwino kuposa yobisa.

Zimene mungachite n'zochepa ndipo n'zotsika mtengo. Ichotseni pansi pa mtengo, chifukwa masamba onyowa ndi zipatso zowola n'zimene zimaboola denga ndi m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Aseseni manyi a makoswe, achotse zisa za mavu, atulutse makapeti onyowa koma osawataya. Aisambitse ndi madzi ndi sopo basi. Chilichonse chimene chinagwa kapena kumasulidwa, kaya ndi chogwirira chitseko, kaya ndi kagalasi ka nyali, chilowe m'katoni, chijambulidwe, katoniyo itsekeredwe m'nyumba. Injini za Chevrolet, Ford ndi Chrysler za zaka zimenezo masipeya ake akupangidwabe mpaka lero ndipo savuta kuitanitsa. Zovuta kupeza ndi magalasi, mabampala, zitsulo zonyezimira za m'mbali ndi dashibodi ya chiwongolero cha kumanja. Galimoto yakufa koma yathunthu imaposa yoyenda koma yozomoledwa.

Chinthu chimodzi muletse mwamphamvu: mnyamata aliyense wobwera ndi batire ndi botolo la petulo kuti "tingoiliza timve". Injini imene yagona zaka makumi awiri mkati mwake ndi mouma, ndipo kuiliza mwadzidzidzi kungathe kuthyola maring'i kapena kukanda masilinda m'masekondi ochepa. Mmisiri wodziwa amachotsa mapulagi, amathira mafuta pang'ono m'mabowomo, amadikira masiku angapo, kenako amazungulitsa injini ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala kutsogolo kwake. Ikazungulira, jambulani kanema. Mawu akuti "injini ikuzungulira ndi dzanja" ndi okwanira pa malonda, ndipo ndi oona. Petulo wakale wa m'thanki anasanduka phula, sayenera kufika ku kabyuleta. Watsopano nayenso ali ndi zake: petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala, kotero moto sukhala patali. Petulo wa mtovu amene injini zimenezi zinapangidwira anasiya kugulitsidwa kuno kumayambiriro kwa 2006. Zonsezi ndi mutu wa wogula, osati wanu.

Kuiyendetsa ndiye ayi ndithu. Magalimoto a ku Amereka a 1967 isanafike ambiri ali ndi mabuleki a njira imodzi: paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi asiya kugwira nthawi imodzi. Taganizani chitsulo cholemera pafupifupi matani awiri chikutsetsereka kulowera pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town masana, pakati pa maminibasi, akabaza ndi amayi osenza madengu a tomato. Ikafuna kusuntha, ikwere pa lole ya bulekidauni. Chingwe ayi, makamaka ngati giya bokosi yake ndi ya otomatiki.

Pa zithunzi musaumire. Tumizani munthu wa foni yabwino m'mawa dzuwa lisanakwere, ajambule makumi anayi kapena kuposa: mbali zonse zinayi, denga, mkati, dashibodi, mipando, injini mbali zonse, buti atachotsa kapeti, pansi popondera mapazi, m'munsi mwa zitseko, ndi kunsi kwa galimoto atagona chagada ndi tochi. Malo adzimbiri awajambule pafupi, chala chikuloza. Apa Lilongwe ali ndi mwayi umene ambiri sitiudziwa: mzindawu uli pa mtunda wa mamita oposa 1,000, kutali ndi mphepo ya mchere ya kunyanja yaikulu, ndipo m'misewu yathu simuthiridwa mchere wosungunula chipale monga ku Ulaya ndi kumpoto kwa Amereka. Chasisi ya galimoto ya kuno nthawi zambiri imakhala yolimba kuposa ya msinkhu womwewo ku Durban kapena ku Manchester. Ngati yanu ili choncho, chithunzi cha kunsiko n'chimene chidzaigulitse.

Polemba malonda nenani zoona, mwachidule: chaka, mtundu, zitseko zingati, chiwongolero mbali iti, injini yake ndi yoyambirira kapena ayi, inaima liti ndipo chifukwa chiyani, chikusowa n'chiyani, mapepala ali pati. Mawu akuti "yangofuna batire basi" asapezekemo. Aliyense amadziwa kuti ndi bodza. Adiresi ya nyumba musaike, nambala ya puloti musaike, ndipo chithunzi chisaonetse geti kapena nambala puleti. M'ma Area a mipanda ya njerwa umu nthawi zambiri mumakhala mayi wachikulire, wantchito mmodzi ndi mlonda, ndipo si onse obwera kudzaona galimoto amene amayang'ana galimoto. Odzaona abwere pa nthawi yopangana, masana, pali mwamuna wa pabanja, ndipo asalowe m'nyumba.

Mtengo uli pakati pa mizere iwiri. Wa pansi ndi wa ogula zitsulo zakutha: funsani kuti kilogalamu akugula zingati sabata imeneyo, muchulukitse ndi kulemera kwa galimoto. Amene akukupatsani ndalama yoyandikira pamenepo akufuna kukaiphwanya, kapena akudziwa kuti inu simukudziwa. Wa pamwamba ndi mtengo wa galimoto yonga yanuyo, yoyenda bwino, ku South Africa, mutachotsapo ndalama yoikonzera ndi yoinyamulira. Poyerekeza, yang'anani mitengo imene magalimoto anagulidwadi, monga imene imaoneka pa webusaiti ya Bring a Trailer, osati imene eni ake akulota. Kampani ya inshuwalansi ya Hagerty imaika magalimoto akale m'magulu anayi, kuyambira 1, yopanda banga, mpaka 4, yoyenda koma yotopa. Ya pa njerwa siifika ngakhale pa 4. Inu amene muli ku Gauteng muli ndi mwayi: pitani ku chionetsero cha Cars in the Park ku Zwartkops pafupi ndi Pretoria, muonetse zithunzi kwa madala amene aima pambali pa ma Valiant ndi ma Chevrolet awo. M'maola awiri mudzamva zambiri kuposa mwezi wathunthu pa intaneti, mwinanso wogula mudzamupeza pomwepo.

Kunja kwa a zitsulo, kuno kwathu ogula ndi ochepa koma alipo: amalonda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene amasunga magalimoto akale, eni malo ochitira maukwati, ojambula makanema a nyimbo, eni malo odyera ofuna chokongoletsa pabwalo. Amapezeka kudzera pa Facebook ndi magulu a WhatsApp, komanso pakamwa pa amakaniko a ku Biwi. Amadziwa kudikira, ndiye inunso dziwani kudikira. Pakabwera mkhalapakati, gwirizanani gawo lake polemba, ndipo mwini ndalama muyankhule naye nokha.

Wogula akakhala wa kunja, mugulitseni galimoto ili pa geti, mayendedwe ndi zilolezo zikhale zake. South Africa salola magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kulowa mwachisawawa. A zaka 40 kapena kuposa ali m'gulu lololedwa, koma pamafunika chilolezo cha ITAC ndi kalata ya NRCS, ndipo zimenezi zituluke galimoto isananyamuke. Kuno pafunika kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, imene m'chigawo chino imadziwika ndi dzina la SARPCCO, ndi kulengeza ku MRA kudzera mwa clearing agent wovomerezeka. Ulendo wokafika ku Joni ndi wa makilomita oposa 1,800, kudutsa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, zipata zitatu, chilichonse ndi mafunso ake. Yopita ku Ulaya imalowa mu kontena ya mafiti 20, imene Impala ya mamita pafupifupi 5.4 imakwanamo mothinana, n'kupita ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ku Britain galimoto ya zaka zoposa 40 ikhoza kumasulidwa ku msonkho wa pamsewu ndi ku MOT, n'chifukwa chake ena mwa inu mumalakalaka kuitengera komweko. Werengerani kaye mtengo wa kontena, wa galaja yosungiramo ndi wa ola limodzi la makaniko wa kumeneko, kenako muone ngati chikondicho chikadalipo.

Za ndalama tsopano. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mtengo umene mwatchula ukhale wa masabata awiri okha, ndipo za kulipira pang'onopang'ono muzikane ngakhale wopemphayo akhale mkulu wa mpingo. Ndalama ilowe ku banki, mu akaunti imene banja lagwirizana. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama yatumizidwa, chithunzi cha lisiti la ku banki, cheke cha Lachisanu madzulo, zonsezi si ndalama. Ndalama ndi imene woimira banja waiona mu akaunti atafunsa yekha ku banki. Wogula akaumirira kulipira pamanja, akakumane m'banki momwemo, makina awerenge mitolo ya ma K5,000 ija, iikidwe, ndiyeno makiyi. Chenjeraninso ndi "wogula wa kunja" amene sanaione galimoto, sakunenerera mtengo, koma akufuna mumutumizire kaye ndalama ya wonyamula katundu.

Kutulutsa ndalamayo m'dziko ndi nkhani ina. Ndalama zakunja n'zosowa, ndipo kutumiza kunja kumatsata malamulo a Reserve Bank kudzera ku banki yanu. Msika wa mseri ndi mlandu. Wogula wa ku Joni akati "ndikupatsani marandi konkuno", imani kaye mufunse ku banki ya ku Malawi, chifukwa katundu wotuluka m'dziko amayenda ndi fomu ya CD1 imene imalonjeza kuti ndalama yake ibwera kudzera ku banki. Ife tinaona kuti chapafupi n'kuigwiritsa ntchito komweko: inafolera denga la amayi ndi kulipira fizi ya adzukulu awiri, ine n'kupumako miyezi ingapo osathamangira ku Mukuru.

Tsiku logulitsa pakhale mgwirizano wolembedwa, makope awiri: mayina ndi manambala a ziphaso, nambala ya chasisi ndi ya injini, mtengo, mawu akuti galimoto yagulidwa mmene ilili ndipo wogula waiona, mndandanda wa zimene zili m'katoni muja, ndi mboni ziwiri. Blue book isaperekedwe pa geti n'kungokhulupirira kuti wogula akasintha yekha. Apitire limodzi ku Road Traffic, umwini usinthidwe, chifukwa galimoto imene ikadali m'dzina la banja lanu ikadzachita ngozi kapena kupezeka pa mlandu, apolisi adzagogoda pa geti la amayi anu.

Yathu inagulidwa ndi bambo wina wa ku Blantyre, pa mtengo wochepera umene akanalipira ndikanapanda kuipititsa ku galaja kuja; anandiuza yekha, mosabisa, akuloza pamene panali kabyuleta. Tinali titaibweza kunyumba, ndipo lole inafika Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, ine ndikuonera pa kanema wa foni ya mlongo wanga nditabisala m'chipinda chodyera ku ntchito. Asanaikweze, mlongo wanga anatsegula kabokosi ka pa dashibodi, kamene tonse tinali titakaiwala. Munali magalasi a ababa othyoka mwendo umodzi, makhadi atatu a chipani a m'ma 1980, ndi kabuku kamene ankalembamo malita a petulo ndi mamailosi, tsiku ndi tsiku, ndi pensulo. Wogula anapempha kabukuko, akuti mbiri yotere imayenda ndi galimoto. Amayi anakayang'ana, anatembenuza masamba awiri atatu, n'kuti, "Mujambule pa makina mutenge zojambulazo, bambo. Aka katsale." Kenako anauza mlonda kuti atsegule zitseko zonse ziwiri za geti, ndipo anaima pakhonde mpaka lole inakhota.